Mabuku a Mbiri ya Bangweulu, Dziko la Mabwato

Munthu woyenda mu msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena wa Masala ku Ndola, sangalephere kuona milu ya nsomba zouma zimene amai amagulitsa. Zambiri mwa nsombazo zicokera kumpoto, ku nyanja ya Bangweulu ndi ku madambo ace, ndiponso ku mtsinje wa Luapula umene uturuka m'madambomo. Ife a kuno ku migodi takhala tikudya za dzikolo zaka zambiri, ndipo anansi athu ambiri m'makomboni ndi ana a kumeneko. Koma mukafunsa mwana wa sukulu mbiri ya Bangweulu, kawirikawiri adzakuuzani cinthu cimodzi cokha, cakuti Livingstone anafera kufupi ndi kumeneko.

Mabuku onena za dzikoli alipo, ndipo ena ndi okoma kuwerenga. M'nkhani ino tidzawaika pamzere monga mwa zaka zao, ndi kuona cimene buku liri lonse lingatiphunzitse. Koma pali cinthu cimodzi coyenera kucigwira kuyambira paciyambi. M'bwato la ulendo mumakhala anthu a mitundu iwiri. Wina ndi wokwera, amene akhala pakati ndi katundu wace, ndipo wina ndi wopalasa, amene agwira nkhafi nadziwa njira. Pafupifupi mabuku onse a Bangweulu analembedwa ndi okwera. Wowerenga wanzeru ayenera kukumbukira zimenezi pa tsamba liri lonse, ndi kumafunsa kuti, kodi amene anapalasa bwato limeneli anali yani, ndipo iye akadanena zotani?

Maonekedwe a dzikolo

Dzina lakuti Bangweulu amalimasulira kuti malo amene madzi akomana ndi thambo, pakuti munthu akaima pa doko la Samfya saona tsidya lina. Mitsinje monga 17 ithira madzi ace m'cigwa cimeneci, ndipo waukulu mwa yonse ndi Chambeshi, wocokera kumpoto ca kum'mawa. Mtsinje woturutsa madziwo ndi umodzi, ndiwo Luapula, umene uyamba kulowera kumwera, nukhotera kumadzulo, nubwerera kumpoto kufikira ku nyanja ya Mweru. Potsiriza madzi amenewa akalowa mu mtsinje wa Congo.

Nyanja yeniyeni, ya madzi oyera opanda udzu, ndi ya masikweya kilomita monga 3,000, ndipo ndi yosaya, pakuti m'malo ambiri kuya kwace ndi mamita 4 okha. Koma mvula ikatha, madzi akadzaza madambo onse a gumbwa ndi bango, dziko lomira lifika pa masikweya kilomita monga 15,000, ndiko kunena kasanu. M'nyanjamo muli zisumbu za anthu ambiri, monga Chilubi, Chishi ndi Mbabala, ndipo m'kati mwa madambo muli tizisumbu ta mcenga pamene pali midzi. Anthu ace ndi Aunga, Abisa, Ang'umbo, Akabende, Aushi ndi Abatwa, ndipo zinenero zao ndi zofanana ndi Cibemba.

M'madambomo njira ndi madzi. Tinjira tina ndi ta cilengedwe, tina anatikumba anthu ndi manja, ndipo tonse tifuna kulambulidwa, pakuti gumbwa akamera kapena akakokoloka atseka njira, madzi nafuna kwina kopita. Motero njira imene inali yabwino caka catha ikhoza kukhala yotsekeka caka cino. Mlendo wa mapu ndi kampasi asocera m'dziko lotere, pamene mwana wobadwira komweko adziwa pokhota poyang'ana kumene udzu wa pansi pa madzi wagonera. Ici ndico cifukwa cace mbiri yonse ya alendo a ku Bangweulu iri mbiri ya kufunafuna mabwato ndi eni ace.

Apwitikizi ocokera ku Tete

Azungu oyamba kulemba za dziko loyandikana ndi Bangweulu anali Apwitikizi. M'caka ca 1798 Dr. Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kunka kwa Mwata Kazembe, mfumu ya Alunda a ku Luapula. Anaoloka Chambeshi, koma anamwalira ndi malungo caka comweco ali pafupi ndi mudzi wa mfumuyo. M'zaka za 1831 ndi 1832 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo, ndipo Gamitto analemba buku lochedwa O Muata Cazembe, limene linasindikizidwa mu 1854. Ian Cunnison analimasulira m'Cingerezi, nalituruka mu 1960 ndi dzina lakuti King Kazembe.

Kwa ife olankhula Cinyanja buku limeneli ndi la mtengo wapatali, pakuti ulendowo unapyola m'dziko la Amaravi ndi Acewa, ndipo Gamitto analemba zambiri za miyambo, malimidwe ndi mafumu a makolo athu monga anawaonera. Koma za nyanja ya Bangweulu muli zocepa, cifukwa njira yao inadzera pamtunda. Iwo anaoloka mtsinje wothira m'nyanjayo osaiona nyanja yeniyeniyo.

Livingstone ndi mapu olakwa

Buku limene linachukitsa Bangweulu ku maiko a kutali ndi The Last Journals of David Livingstone, ndilo zolemba zace za tsiku ndi tsiku za ulendo wotsiriza, zimene Horace Waller anazikonza nazisindikiza mu 1874. Livingstone anaiona nyanjayi koyamba pa 18 July 1868. Iye anali kufuna gwero la mtsinje wa Nile, ndipo anali ndi ciyembekezo cakuti madzi a Chambeshi ndi Luapula ndiwo ciyambi cace. Lero tidziwa kuti madziwo ndi a Congo.

M'ulendo woyambawo anapangana ndi asodzi kuti ampalase kukaona zisumbu. Anafika pa Mbabala, koma opalasa anakana kupitirira, pakuti bwatolo anali atalitenga kwa anthu a pa Chishi popanda cilolezo, ndipo anaopa kukomana ndi eni ace. Motero Livingstone anabwerera asanaone malire a kum'mawa ndi a kumwera, nangoyerekeza ukulu wa nyanja ndi maso ndi mau a anthu. Anaiyesa ya mailosi monga 150 m'litali, pamene madzi oyera safika ngakhale mailosi 50. Ndiponso mawochi ace oyesera malo anali ataonongeka pa ulendo, kotero kuti malo ena anawaika pa mapu pamene sali.

Kulakwa kumeneku kunampweteka iye mwini. Pobwera kaciwiri, kuciyambi kwa 1873, anafika m'nyengo ya mvula, nalowa m'madambo akuyesa kuti ali kuyenda m'mbali mwa nyanja. Anthu ace anayenda milungu yambiri m'madzi ofika m'cuuno, akumsenza iye pamapewa pooloka mitsinje, ndipo iye anali kudwala ndi kutaya mwazi. Atafika kwa Mfumu Matipa ya Abisa, anakhala pafupi milungu itatu akupempha mabwato. Potsiriza, monga alemba yekha, analowa m'mudzi wa mfumuyo ndi anthu ace, naomba mfuti kudenga la nyumba, ndipo pamenepo mabwato anaoneka. Anaoloka Chambeshi kumapeto kwa March, napitirira kumwera, poyamba m'bwato ndipo pambuyo pace pa macila, kufikira anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko la Ilala.

M'bukumo Matipa aoneka ngati munthu wozengereza ndi wonyenga, cifukwa amene analemba ndi mlendo wodwala amene anali ndi cangu. Koma tiyeni tiganize za mfumuyo. M'masiku amenewo a nkhondo ndi malonda a akapolo, madzi ndiwo anali linga la anthu a pa zisumbu, ndipo bwato linali khomo la lingalo. Mfumu yopereka mabwato ace kwa gulu la alendo a mfuti inali kupereka cuma ndi citetezo ca anthu ace pamodzi. Maganizo a Matipa sanalembedwe, ndipo wowerenga ayenera kudzifunsa yekha za mbali imeneyo.

Pali cinthu cinanso cofunika kucidziwa za buku limeneli. Livingstone analeka kulemba pa 27 April. Zonse zotsatira, za imfa yace, za kukwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, ndi za ulendo wa miyezi yambiri wosenza mtembo kufikira ku Bagamoyo mu February 1874, zinacokera m'kamwa mwa Susi ndi Chuma, amene anapita ku England nakafotokozera Waller. Chuma anali Myao amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana mu 1861 ku mapiri a Shire, ndipo Susi anacokera ku Shupanga pa Zambezi. Tsono mbali ya bukulo imene anthu aikonda koposa ndi mau a anthu akuda, ngakhale maina ao sali pacikuto monga olemba. Ndipo Dorothy Helly, m'buku lace la 1987 lochedwa Livingstone's Legacy, anaonetsa kuti Waller anacotsa ndi kusalaza mau ena a Livingstone kuti munthuyo aoneke woyera mtima koposa m'mene zolemba zace zimuonetsera. Buku losindikizidwa lipyola m'manja ambiri lisanafike kwa ife.

Alendo a ngalawa zacitsulo

Amene anadza pambuyo pa Livingstone anaphunzira kuti mlendo wopanda bwato lace ali m'manja mwa eni dziko, motero anabwera ndi ngalawa zao. Victor Giraud, msilikali wa pamadzi wa ku France, anasenzetsa anthu ngalawa yacitsulo yoduladula kucokera ku gombe la kum'mawa, nailumikiza pa Bangweulu mu 1883. Iye anapeza kuti kumwera, kumene mapu a Livingstone anaonetsa nyanja, kunali madambo a bango okhaokha. Anatsata Luapula kufikira pa mathithi, ndipo kumeneko Aushi anamgwira namlanda ngalawayo. Buku lace, Les Lacs de l'Afrique Équatoriale, linaturuka mu 1890 m'Cifalansa. Mngerezi wina, Poulett Weatherley, anazungulira nyanja yonse mu 1896, nayenso ndi ngalawa yacitsulo, ndipo nkhani yace inasindikizidwa mu 1898 m'magazini a bungwe la akatswiri a maiko ku London. Anthu awiriwa anakonza mapu, koma zolemba zao zinena zambiri za madzi ndi za mabvuto a ulendo, ndi zocepa za mbiri ya anthu.

Wosiyana nao pang'ono anali Eric von Rosen wa ku Sweden, amene anafika mu 1911 nakhala pakati pa Abatwa a m'madambo. Buku lace la 1916, Träskfolket, ndiko kunena anthu a m'dambo, liri ndi zithunzi za mabwato, mikondo ya nsomba, misasa ndi zipangizo zina, ndipo zinthu zambiri zimene anasonkhanitsa anapita nazo ku Stockholm. Mdzukulu wa anthu amenewo wofuna kuona zipangizo za agogo ace ayenera kuziona m'buku la cinenero ca ku Sweden.

Ndola ndi nkhondo ya Ajeremani

Apa mbiri ya madambo ikomana ndi mbiri ya mzinda wathu wa Ndola. Pa nkhondo yaikulu imene inayamba mu 1914, asilikali a Angerezi anali kumenyana ndi Ajeremani ku malire a kumpoto, kufupi ndi Abercorn, kumene lero tikucha Mbala. Njanji inali itafika ku Ndola mu 1909, koma kucokera pa njanji kufikira ku malirewo panali mtunda wautali wopanda mseu wabwino, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zinali kufa ndi kashembe. Katundu yense anayenda pamitu pa amtengatenga. Bvuto lace linali lakuti munthu wosenza ufa pa ulendo wa milungu yambiri ayenera kudya, iye ndi anzace, ndipo pofika kumene apita mbali yaikulu ya ufawo yathera m'njira.

Cifukwa ca ici, mu 1916 Boma linatsegula njira ya pamadzi. Katundu anali kutsika sitima, amtengatenga namsenza kucokera ku Ndola kufikira ku Kabunda pa Luapula. Pamenepo anali kulowa m'mabwato, amene anapalasidwa kukwera Luapula, kupyola m'madambo, kulowa mu Chambeshi ndi m'mitsinje yace kufikira kufupi ndi Kasama. Mabwato oposa 1,800 anagwira nchito imeneyi, ndipo opalasa anali zikwi zambiri. Anthu omwe aja amene mabuku oyamba anawayesa amantha ndi obisala m'bango ndiwo anadyetsa gulu la nkhondo la mfumu ya ku England. Nkhondoyo inathera m'dziko lomwelo, pakuti mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, atalanda Kasama, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November 1918, nakapereka zida zace ku Abercorn pa 25 November.

Buku lofotokoza bwino za masiku amenewo ndi Eighteen Years on Lake Bangweulu, la J. E. Hughes, losindikizidwa mu 1933. Hughes anayamba ndi nchito ya Boma, pambuyo pace nakhala mlenje ndi wamalonda pa nyanjayo, ndipo anali mmodzi wa oyang'anira mabwato a nkhondo. Iye anadziwa madambo koposa Mzungu wina ali yense wa nthawi yace, ndipo bukulo ndi lokoma, lodzala ndi nkhani za njobvu, mvuu, ng'ona ndi mbalame. Koma ndi buku la mlenje, lolembera anzace okonda kusaka. Wofuna kudziwa cimene nkhondoyo inacita ku midzi, m'mene amuna anatengedwera mokakamiza, ndi njala imene inatsata minda itasowa olima, awerenge buku la Edmund Yorke la 2015, Britain, Northern Rhodesia and the First World War, limene linalembedwa pofufuza makalata a Boma a nthawi imeneyo. Ngakhale m'makalatamo opalasa ambiri aoneka monga ciwerengero cabe, ndipo ochulidwa maina ndi owerengeka.

Mabuku a nsomba ndi madzi

Migodi ya Nkana, Roan Antelope, Mufulira ndi Nchanga itatseguka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi m'ma 1930, anthu zikwizikwi anasonkhana kuno, ndipo onsewo anafuna ndiwo. Amalonda anayamba kupalasa njinga kunka ku madoko a Luapula monga Kapalala, kudzera m'kadziko ka Congo kamene kalowa pakati pa ife ndi Luapula, nabwera ndi mitolo ya nsomba zouma. Pamenepo Boma linayamba kufuna kudziwa za nsombazo, ndipo mabuku a mtundu wina anayamba kulembedwa.

Mu 1936 ndi 1937 akazi awiri ophunzira a ku Cambridge, Kate Ricardo ndi Janet Owen, anayenda m'mabwato m'madambomo akuyesa mitundu ya nsomba, ndipo lipoti la Ricardo linaturuka mu 1939. Mai yemweyo anathandizanso pa kufufuza nsomba za m'nyanja ya Nyasa, imene lero tiicha nyanja ya Malawi. Pambuyo pace W. V. Brelsford, bwana wa Boma amene anagwira nchito m'cigawoco, analemba Fishermen of the Bangweulu Swamps, losindikizidwa mu 1946 ndi Rhodes-Livingstone Institute. Kabuku kameneka ndi kakang'ono, koma m'maganizo anga ndiko koyenera kuyamba nako, cifukwa mlembi wace anakhala pansi nafunsa Aunga za nchito yao. Afotokoza nyengo za usodzi, maukonde, miono ndi mipanda yochera nsomba, misasa imene mabanja asamukirako, ndi kusinthanitsa nsomba ndi ufa wa cinangwa kwa anthu a kumtunda. Wowerenga aona kuti dambo liri lonse linali ndi mwini, ndi kuti usodzi unali ndi malamulo ndi miyambo yace Boma lisanabwere.

M'zaka zomwezo tsoka linagwera Aunga a ku Lunga. Njira zina za madzi a Chambeshi zinatsekeka, madzi nakwera, namiza minda ndi midzi, kotero kuti anthu ambiri anasamuka. Ici cinacititsa kuti Frank Debenham, mphunzitsi wamkulu wa za maiko ku Cambridge, abwere ndi gulu lace mu 1949 kudzayesa mayendedwe a madziwo. Munthu ameneyu pa unyamata wace anapita ndi Captain Scott ku dziko la cisanu la Antarctica. Anasindikiza Study of an African Swamp mu 1952, ndipo mu 1955 anaturutsa The Way to Ilala, m'mene anatsata ulendo wa Livingstone pa mapu oona, naonetsa malo amene mkuluyo anasocerera ndi cifukwa cace. Panapita zaka 82 cimwalirire Livingstone kuti buku lifotokoze bwino njira zimene asodzi a kwa Matipa anali kuzidziwa tsiku lomwe iye anafika kwao. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsa kufuna cinenero, nthawi, ndi kukhulupirirana, ndipo mlendo wopita msanga alibe zimenezi.

Ana a m'madambo ku migodi

Buku lina lionetsa anthu a ku Bangweulu ali kuno kwathu. J. Clyde Mitchell, m'kabuku kace ka 1956 kochedwa The Kalela Dance, afotokoza gulu la anyamata Acibisa amene anali kubvina kalela masiku a Sabata m'komboni ya ku Luanshya, atabvala mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopukuta. Anyamatawo anali anthu a Mfumu Matipa, ufumu womwe uja umene unacedwetsa Livingstone, ndipo m'nyimbo zao anali kutama mfumu yao ndi dziko lao, ndi kuseka mitundu yina ya m'tauni. Obvinawo anauza Mitchell kuti gule ameneyu anayamba pa cisumbu ca Chishi ca m'ma 1930, ndi munthu wina dzina lace Kalulu.

Mitchell anali kufuna kudziwa m'mene mitundu ikhalira pamodzi m'mizinda ya migodi, ndipo kabukuko kawerengedwa m'masukulu akulu a maiko ambiri. Kwa ife kali ndi phindu linanso, pakuti ndi kamodzi mwa mabuku ocepa m'mene mau a anthu a ku Bangweulu eni ace amveka, ngakhale ali mau a nyimbo. Kationetsanso kuti mbiri ya madambo siinathere m'madambo. Inakwera malole ndi njinga, niidza kudzakhala nafe ku Wusakile, ku Chifubu ndi ku Roan.

Pamene eni dziko analemba

Kumunsi kwa Luapula zinthu zinayenda mosiyana. Mwata Kazembe wa 14, Chinyanta Nankula, amene analamulira kuyambira 1941 kufikira 1950, anasonkhanitsa akulu a dziko lace kuti anene mbiri ya Alunda, ndipo mothandizidwa ndi wansembe Edouard Labrecque inalembedwa m'Cibemba. Bukulo, Ifikolwe Fyandi na Bantu Bandi, ndiko kunena makolo anga ndi anthu anga, linaturuka mfumuyo itamwalira, ndipo Cunnison analimasuliranso m'Cingerezi. Nchito imeneyi ifanana ndi imene Samuel Ntara anaticitira ife polemba Mbiri ya Acewa.

Komabe buku la mfumu linena za mafumu. Cunnison yemweyo, m'kabuku kace ka 1951 kochedwa History on the Luapula, anaonetsa kuti pfuko liri lonse la kumeneko liri ndi mbiri yaceyace, yonena m'mene makolo ace anafikira ndi m'mene anapezera dambo kapena doko lao, ndi kuti mbiri zimenezo ndizo umboni pa milandu ya malo. Mwelwa Musambachime, mwana wa dziko lino amene anaphunzitsa mbiri pa University of Zambia, analemba mu 1981 za kukula kwa malonda a nsomba ku Mweru ndi Luapula kuyambira 1920 kufikira 1964, ndipo anafunsa asodzi ndi amalonda eni ace. David Gordon, m'buku la 2006 lochedwa Nachituti's Gift, anatsata njira yomweyo, naonetsa m'mene nkhani zakale za umwini wa madzi zikhalira ndi mphamvu pa usodzi, ndi m'mene nsomba ya mpumbu inathera pamene amalonda a maukonde akulu anaigwira pa nyengo yace yoswana. Mabuku amenewa ndi a Luapula ndi Mweru. Ationetsa nchito imene ingacitike pa Bangweulu, pa zisumbu ndi m'midzi ya m'madambo.

Cifukwa cace nkhaniyi iri yofunika

Wina angafunse kuti, nanga ziri ndi kanthu kuti analemba ndi yani, malinga zolembedwazo ziri zoona? Ziri ndi kanthu ndithu. Alendo amene amabwera kudzaona shoebill, mbalame yaikulu ya mlomo wonga nsapato, ndi magulu a nyama ya m'madambo yochedwa black lechwe, amakonda kuchula Bangweulu ngati cipululu cimene munthu sanacikhudze. Koma dziko limene anthu akumbamo njira, naikamo manda a makolo ao, nagawana madambo monga mwa mapfuko, ndi mudzi wa eni ace. Malamulo ambiri okhudza dzikolo apangidwa ndi anthu owerenga mabuku. Boma limatseka usodzi kuyambira December kufikira kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. Mu 2008 bungwe la African Parks linapangana ndi Boma ndi anthu a mafumu a kumeneko za kusunga nyama za m'madambo, ndipo mu 2012 Lunga inakhala boma paokha. Pa zinthu zotere, anthu amene mbiri yao inalembedwa afika pa bwalo ndi umboni m'manja, pamene ena afika ndi mau a pakamwa okha, amene kalaliki akhoza kuwalemba kapena kuwasiya.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, werengani mabuku amene tawachulawa pamene muwapeza. Zolemba za Livingstone ziri pa intaneti kwaulere, ndipo ena mukhoza kuwafunsa m'nyumba za mabuku za masukulu akulu ndi ku National Archives ku Lusaka, kumene kusungidwanso mabuku akale a maboma m'mene mabwana a zigawo anali kulemba za mafumu ndi midzi. Powerenga, yambani mwadziwa kuti mlembi anali yani, anafika m'nyengo yanji, anakhala masiku angati, ndipo anali kulembera yani. Zinthu zinai zimenezi zidzakuuzani pamene muyenera kumkhulupirira ndi pamene muyenera kufunsa kwina.

Ndipo kwina kumeneko sikuli kutali. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo m'makomboni a Kitwe ndi Ndola muli nkhalamba zimene zinabadwira pa Chilubi, pa Chishi ndi ku Lunga, zimene zinamva kwa agogo ao za mabwato a ku Kabunda ndi za caka cimene madzi anamiza midzi. Ambiri a inu mulankhula Cibemba monga ana a kuno. Gulani kope, mupite kwa mkulu wotere mwaulemu, mumpemphe akuuzeni maina a njira za m'madzi, amene anazikumba, mafumu monga mwa kutsatana kwao, mitengo imene anali kusema nayo mabwato ndi kumene anali kuigula. Lembani m'cinenero cimene iye alankhula, muike dzina lace, mudzi wace ndi tsiku pamwamba pa tsamba, ndipo mukatha mumwerengere kuti akonze pamene mwaphonya. Amene kwao ndi ku Chilwa, ku Luangwa kapena ku madambo a Shire acite cimodzimodzi ndi akulu a kwao pa nthawi ya chuthi, pakuti kumenekonso okwera analemba zambiri, ndipo opalasa akali ndi nkhani zao m'kamwa.